Thabwa la mapesi ndi phala la chinangwa: yankho kwa mmisiri wa ku Ulongwe

Funso: Ndine kalipentala ku Ulongwe, m'boma la Angónia. Matabwa a aglomerado amene timapangira makabati ndi mashelefu timachita kuitanitsa ku Tete kapena kuoloka nawo pa Calómue, ndipo pofika kuno mtengo umakhala utakwera kale. Chonsecho chaka ndi chaka mapesi, mitengo ya fodya ndi makoko a mtedza zimangopsa m'minda. Ndinamva kuti zinthu zimenezi ukazigaya n'kuzimata ndi phala la chinangwa pamatuluka thabwa. Kodi n'zoona? Nanga munthu ngati ine, wa shedi imodzi ndi anyamata awiri, ndingayambire pati?

Yankho: Amisiri, zikomo chifukwa cha funso lanu. Zimene munamvazo n'zoona, koma amene anakuuzaniyo anakuonetsani mnofu n'kubisa fupa. Thabwa limatuluka ndithu, lowongoka, losalala, lochekeka ndi sowo. Fupa lake ndi ili: thabwa lomatidwa ndi sitachi yekha limadana ndi madzi kuposa mmene mbuzi imadanira ndi mvula. Mukalidziwa khalidwe limeneli musanagule chitsulo ngakhale chimodzi, ntchitoyi ikhoza kukudyetsani. Mukalinyozera, mu Januwale mudzakhala mukubweza ndalama za makasitomala.

Tiyambe ndi limene mumagula. Aglomerado wa m'sitolo, amene anzathu a ku Dedza amati chipibodi, ndi tizidutswa ta mitengo monga paini ndi bulugamu, tosakanizidwa ndi guluu wa kufakitale wotchedwa urea-formaldehyde, n'kupanidwa pakati pa zitsulo zotentha madigiri 160 mpaka 200. Guluuyo amakhala magawo pafupifupi 8 mpaka 12 pa 100 alionse a kulemera kwa tizidutswato. Luso limeneli linakula ku Germany m'zaka za m'ma 1940, nkhondo itasowetsa matabwa, ndiye kuti chiyambire lakhala luso la anthu osowa mitengo ngati ife. Kafungo kobaya m'maso kamene mumamva mukamacheka thabwa latsopano m'shedi yotseka ndi formaldehyde, ndipo mu 2004 bungwe lofufuza za khansa la IARC, lomwe lili pansi pa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, linaika mankhwalawa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa kwa anthu. N'chifukwa chake akatswiri m'maiko ambiri ali kalikiliki kufunafuna guluu wina, ndipo sitachi ndi mmodzi mwa amene akuyesedwa kwambiri.

Sitachi ndi ule ufa woyera mbee umene umatsala pansi pa beseni mukafinya chinangwa chokuna n'kuwasiya madziwo kuti adikhe. Mphamvu yake yomata mumaidziwa kale. Nkhoko za nsima zimakakamira pansi pa poto moti supuni imachita kupindika. Koma amayi salimbana nazo, amangothira madzi m'potomo n'kupita kukagona, m'mawa zamatuka zokha. Umo ndi mmene thabwa lanu lidzachitire. Ngakhale la m'sitolo lomwe, inu mwaona mmene limafufumira m'munsi mwa kabati pamene amakolopa tsiku ndi tsiku, chonsecho guluu wake ndi wa kufakitale. La sitachi limafulumira kuposa pamenepo.

Choncho musalote zopanga tebulo la kukhitchini, chitseko chakunja, kapena shelefu yoikapo mabuku a sukulu yonse. Ganizirani za siling'i, kumbuyo kwa kabati, pansi pa madilowa, mapanelo a zitseko za makabati ozingidwa ndi felemu ya thabwa lenileni, bolodi yomatapo zidziwitso m'kalasi. Malo ouma, osasenza katundu. Msika umenewu si waung'ono ayi. Werengani nyumba za malata zopanda siling'i pa Ulongwe pomwepo, zimene mu Juni anthu amagona atavala majekete, mu Okutobala n'kumawotcheka ngati ali mu uvuni.

Tsopano zinyalala zimene mwatchula. Si zonse zofanana, ndipo zimene zili mbwee ndi zimene zimavuta kwambiri.

Tengani phesi louma mulithyole. Kunja kuli chikopa cholimba chonyezimira, chija chimacheka chala ngati lumo. M'kati muli mtima woyera wofewa, uja ana amasema popanga magalasi ndi tigalimoto. Mphamvu yonse ili m'chikopa. Mtimawo ndi chinkhupule, umamwa guluu wambiri osabweza kanthu, ndipo thabwa likapangidwa ndi womwewo umene umayamba kukoka chinyezi. Mafakitale opanga matabwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe amayamba achotsa mtima umenewu asanachite china chilichonse. Inu makina awo mulibe, koma muli ndi lichero ndi mphepo ya mu Ogasiti. Mukagaya mapesi ouma bwino, mtima umasanduka tinthu topepuka touluka, chikopa chimatsala ngati timisomali. Kupeta ndi kusefa kumachotsa wochuluka.

Chikopacho nachonso chili ndi vuto lake. Donthezani madzi pa phesi muone mmene amatsetserekera osalowa. Pamwamba pake pali kaphula kamene mbewu imadzitchinjirizira, ndipo guluu wa madzi sagwira bwino pa phula. Mapesi a tirigu wa ku Tsangano ali ndi khalidwe lomweli, mwinanso kuposa. Mankhwala ake ndi kuviika zogayidwazo m'madzi otentha, kapena m'madzi a chidulo chija amayi amacheza pophika therere, kenako n'kutsukuluza ndi madzi oyera n'kuyanikanso. Ndi ntchito yotopetsa, koma mukaidumpha mudzaona pothyola thabwa kuti tizidutswa tikusololoka tosalala, guluu atatsala yekha.

Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndi mitengo ya fodya. Imeneyi ndi nkhuni zenizeni, ngakhale ili ndi kamtima pakati, ndipo ku Angónia ndi ku Macanga siisowa. Ubwino wina ndi wakuti alangizi amafuna kale kuti izulidwe ichoke m'munda mukatha kuthyola, kuopa kuti matenda ndi tizilombo zingagonere mpaka chaka chamawa, ndiye simukulanda nthaka chakudya chake. Koma fumbi lake lili ndi chikonga. Anyamata anu avale zotchinga pamphuno pogaya, ndipo thabwa la fodya lisakhale loikapo chakudya. Mitengo ya thonje ya kumadera otentha ili chimodzimodzi, moti ku India bungwe lofufuza za thonje la CIRCOT ku Mumbai linapanga kale matabwa otere ndi mitengo ya thonje. Ya nandolo ndi yabwinonso, kungoti mudzakangana ndi amayi amene amaidalira pa nkhuni.

Makoko a mtedza amanyenga maso. Ndi oyera, ochuluka, osavuta kugaya, koma tizidutswa take ndi tatifupi komanso tokhota. Thabwa limalimba tizidutswa tikakhala tatitali, topyapyala, togonerana ngati njerwa zomangidwa moluka. Makoko ali ngati kumanga khoma ndi nsangalabwi. Muwasakanize ndi zina, asapitirire gawo limodzi mwa magawo anayi. Mankhusu a mpunga ali ndi mchenga wachibadwa wambiri umene umabunthitsa sowo. Zitsononkho zisungeni, zidzakhala nkhuni zanu. Ndipo musaiwale chuma chimene mumasesa madzulo aliwonse: zopalidwa za paini za pansi pa benchi yanu zimagwira guluu kuposa zonsezi, ndipo kusakaniza theka la izo ndi theka la za kumunda kumapulumutsa thabwa limene likanakhala lofooka.

Mawu amodzi pa mapesi a chimanga ndisanapitirire. Amene amapsa chifukwa anyamata akusaka mbewa, amenewo ndi otayika ndithu. Koma amene ng'ombe zokoka ngolo zimadya m'chilimwe, ndi amene alimi amaphimbira nthaka, si zinyalala. Mukayamba kugula mapesi ndi ndalama, minda ya anthu idzatsala yambee, ndipo thabwa limene timati likupulumutsa mitengo lidzakhala likugugitsa nthaka. Tengani a pamulu pamene anakololera chimanga, osati kusesa munda wonse.

Kugaya kwake n'kwa chigayo chomwechi cha nyundo, koma ndi sefa ya mabowo aakulu, a mamilimita 6 mpaka 8, osati ya ufa. Mwini chigayo sadzalola fodya m'chigayo cha chakudya, ndipo adzakhala akulondola, ndiye funafunani chakale chimene chinapuma ntchito. Mukufuna tizidutswa totalika sentimita imodzi kapena awiri, topyapyala ngati chikhadabo. Sefani mupatule magulu awiri, tokhakhala ndi tosalala, fumbi lenileni litayidwe chifukwa limamwa guluu. Yanikani mpaka tizithyoka kuti thyo m'manja. Fumbi louma la mtundu uwu limayaka ngati petulo, ndiye mbaula ndi ndudu zitalikire.

Tafika pa guluu, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene ambiri amagwera.

Sitachi wosaphika samata. Amayamba kumata akatenthedwa m'madzi kufika madigiri a pakati pa 60 ndi 70, pamene timbewu take timafufuma n'kusweka, madzi oyera aja n'kusanduka phala lonanda. Wa chinangwa amapambana wa chimanga pa ntchito iyi chifukwa phala lake limatamuka ndipo silifulumira kuuma gwa likazizira. Vuto ndi lakuti kuti phala lithe kusakanizika ndi tizidutswa, limafuna madzi ochuluka kasanu kapena kuposerapo poyerekeza ndi sitachiyo. Magalamu 100 a sitachi amabwera ndi theka la lita ya madzi. Madzi onsewo mukawatsekera pakati pa zitsulo zotentha amasanduka nthunzi, ndipo nthunzi imafuna potulukira.

Thabwa langa loyamba ndimalikumbukira bwino. Ndinaphika phala lokongola, ndinasakaniza ndi manja mpaka zonse zinanyowa ngati dothi loumbira, ndinapana, ndinadikira. M'mbali munkatuluka thovu ndi kafungo ka chinangwa chootcha, ine n'kumati zikuyenda. Nditamasula jeke kamodzi n'kamodzi, ndinangomva kuti phuu, nthunzi kumaso. Thabwa linali litang'ambika pakati m'litali mwake, pamwamba ndi pansi zili zolimba ngati bisiketi, pakati pali phala lotentha. Linatseguka ngati buku. Mnyamata amene ankandithandiza anafunsa ngati tithire shuga.

Njira zozembera vutoli zilipo ziwiri, ndipo zisasakanizidwe.

Yoyamba tinabwereka kwa opanga makatoni. Katoni iliyonse ya sopo kapena ya mafuta ophikira imene mumaona pamsika inamatidwa ndi sitachi, mwa njira imene inayamba m'zaka za m'ma 1930. Iwo saphika sitachi yense. Amaphika gawo laling'ono, mwina limodzi mwa magawo asanu, kuti likhale phala lonyamula, kenako likazizirako amathiramo wotsalayo ali wosaphika, ndi kasoda pang'ono ndi borax (mankhwala oyera onga mchere) pang'ono. Sitachi wosaphikayo amakapsera m'makina momwemo, ndipo pamene akupsa amamwa madzi amene akanasanduka nthunzi. Soda amatsitsa kutentha kofunika kuti sitachi apse, borax amalumikiza tinthu ta sitachi kuti phala ligwire msanga. Borax ali ndi ntchito yachiwiri imene ndinena kutsogoloku. Kusitolo mukafunse soda cáustica ndi bórax. Soda ameneyu amawotcha khungu ndipo amapha diso, ndiye magolovesi ndi magalasi si zodzikongoletsera. Thirani soda m'madzi, osati madzi pa soda.

Yachiwiri ndi ya citric acid, ufa woyera wowawasa umene opanga zakumwa ndi maswiti amagwiritsa ntchito, ku Tete mukafunse ácido cítrico. Ofufuza a ku Kyoto University ku Japan anaonetsa kuti asidi ameneyu akatenthedwa pamodzi ndi tizidutswa ta zomera pa madigiri 180 mpaka 200, amalumikizana nato m'njira imene madzi samasula msanga. Amagwira malo omwe aja mu sitachi ndi mu ulusi wa mbewu amene madzi akanagwira. Thabwa limatuluka loderako, lonunkhira ngati shuga wopserera, losafufuma kwambiri, koma lophwanyika msanga m'mbali mukachulutsa asidi. Asidiyo amasungunulanso phala kuti likhale lamadzimadzi, ndiye mumatha kuchepetsa madzi. Mukasakaniza, yanikani zosakanizazo padzuwa mpaka zikhale zongozizira m'manja osati zonyowa, ndiye mupane. Kutentha kukapanda kufika 180, mwangowononga ndalama, chifukwa kulumikizana kuja sikuchitika mokwanira. Asidi amadyanso chitsulo, choncho yalani pepala lophikira makeke kapena lata losachita dzimbiri pakati pa thabwa ndi makina. Ndipo ngati munaviika mapesi m'chidulo, tsukuluzani kwambiri, chifukwa chidulo ndi asidi zimaphana mphamvu.

Mwina mukuganiza za mandimu a pakhomo. Madzi a ndimu ali ndi asidiyu magawo pafupifupi 5 pa 100, ndiye kuti mupeze magalamu 100 mufunika kufinya malita awiri. Gulani wa ufa.

Pa ziwirizi, ya asidi ndi imene imapirira chinyezi. Ya soda ndi borax ndi yotsika mtengo ndipo siifuna moto waukali. Amisiri ena amathirako cola branca pang'ono, guluu woyera uja muli naye kale pa benchi. Si wachilengedwe, koma alibe formaldehyde wa mtundu uja ndipo amawonjezera mphamvu, ine sindiona cholakwa. Sera kapena kandulo wosungunula, gawo limodzi pa 100, amachedwetsa madzi kulowa, ngakhale sawaletsa. Ku South Africa amapanganso guluu wa matabwa kuchokera ku makungwa a mtengo wa black wattle, koma ameneyo amafuna mankhwala ena oumitsira, ndiye tim'siye kaye.

Koma chimene chidzakuimitseni si guluu, amisiri. Ndi makina opanira. Tiwerengere limodzi.

Thabwa la m'sitolo la mamita 1.22 m'lifupi ndi 2.44 m'litali, lochindikala mamilimita 18, limalemera makilogalamu pafupifupi 37, chifukwa kiyubiki mita imodzi ya thabwa lotere imalemera makilogalamu pafupifupi 700. Kuti zinyalala zopepuka zipanikizike kufika pamenepo, kabwalo kalikonse ka sentimita imodzi mbali zonse zinayi kamafuna kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 25. Thabwa lonselo lili ndi timabwalo totere pafupifupi 30,000. Chulukitsani: matani 750. Palibe wowotcherera zitsulo pa Ulongwe, ngakhale pa Moatize, amene angakupangireni makina otere kuseri kwa nyumba. Amene angakulonjezeni, gwirani thumba.

Tsono chepetsani thabwa. La masentimita 30 mbali zonse lili ndi timabwalo 900, ndiye likufuna matani 22 ndi theka. Jeke ya lole ya matani 30, imene m'masitolo amati macaco, ikwana. La masentimita 40 likufuna matani 40. La masentimita 60, lomwe ndi muyeso wabwino wa siling'i, likanafuna matani 90 likanakhala lothina ngati la kabati, koma siling'i siifuna kuthina kotero. Ikakhala yopepuka, theka la kulemera kuja, imatchinga bwino kutentha ndi phokoso la mvula pa malata, ndipo mphamvu yopanira imatsika kwambiri. Apa ndi pamene ndikuona mwayi wanu weniweni.

Makinawo ndi felemu ya zitsulo zochindikala, jeke pansi, ndi mbale ziwiri zachitsulo zosalala, zochindikala masentimita awiri kapena kuposa kuti zisapindike ndiponso zisunge kutentha. Kutenthetsa kwabwino n'kwa magetsi, ndi mawaya otenthetsa a uvuni omangiriridwa kuseri kwa mbale iliyonse. Chigawo chathu ndi chimene chili ndi damu la magetsi la Cahora Bassa, koma mita ya magetsi olipiriratu ya Credelec ndi yanu, ndiye werengani mayunitsi amene thabwa limodzi likudya musanaike mtengo. Kumene magetsi kulibe, mbalezo zimatenthetsedwa pa moto wa zitsononkho n'kuzinyamula ndi mbano kupita nazo pa jeke, koma kutentha kumatsika msanga ndipo sikufanana pakati ndi m'mbali, ndiye njira ya asidi imavuta. Kugwiritsa ntchito makala pofuna kupulumutsa mitengo ndi kutunga madzi ndi lichero. Kachipangizo koyezera kutentha kongolozetsa ngati tochi n'kofunika kugula. Mukadikira kuti kapezeke, dontho la madzi limathandiza: likamangoti tsss n'kuuma, mbale sinafike, likamavina ngati kamkanda n'kumathamanga pa chitsulo, mwayandikira madigiri 200.

Nali thabwa loyesera, la masentimita 30 mbali zonse, lochindikala mamilimita 12. Likauma lizilemera magalamu pafupifupi 750. Yezani pa sikelo magalamu 620 a tizidutswa touma ndi magalamu 100 a zomatira zouma. Pa njira ya asidi, yambani ndi magalamu 60 a sitachi ndi 40 a asidi, kenako muzisinthasintha. Ikani bokosi lathabwa lopanda pansi pamwamba pa lata, mwazani tosalala pansi, tokhakhala pakati, tosalala pamwamba, monga mumaonera m'mbali mwa thabwa la m'sitolo. Mwazani ngati mukufesa mawere, osakhuthula mulu n'kusalaza, chifukwa pamene pachepa padzakhala pofooka mpaka kalekale. Tsinderani ndi thabwa, chotsani bokosi. Mulu udzakhala wautali kangapo kuposa thabwa lomaliza, musadabwe. M'mbali ziwiri ikani tizitsulo tochindikala mamilimita 12 kuti mbale zikafika pamenepo ziime. Panani kwa mphindi 10 mpaka 15. Pomasula, tsitsani jeke pang'ono, mverani nthunzi ikulira, dikirani, tsitsaninso. Mphindi imodzi yathunthu ithere pa kumasula kokha. Thabwa likatuluka, lisanjikeni pamalo osalala, njerwa pamwamba, kwa sabata imodzi musanalicheke.

Lembani zonse m'kope: zinyalala zanji, magalamu angati, kutentha, mphindi. Thabwa lililonse likhale ndi nambala ya pensulo. Sinthani chinthu chimodzi pa ulendo umodzi. Mutu umanama, makamaka thabwa la nambala 14 likatuluka bwino ndipo simukukumbuka chimene munachita.

Kenako mayeso, ndipo woweruza wamkulu ndi chidebe. Ku Ulaya ali ndi malamulo a matabwa otere otchedwa EN 312, ndipo mayeso ake awiri mukhoza kuwatsanzira pa shedi. Chekani kachidutswa ka masentimita 5 mbali zonse, yezani kuchindikala kwake, kamizeni m'madzi ozizira kwa maola 24, yezaninso. Thabwa lololedwa kukhala m'malo a chinyezi limayenera kufufuma pang'ono chabe, osafika gawo limodzi mwa magawo asanu. La sitachi yekha nthawi zambiri mumalipeza m'mawa litasanduka gaga pansi pa chidebe. La asidi lopsa bwino limatuluka lili lathunthu. Chekaninso kachidutswa ka thabwa la m'sitolo mukamize limodzi, kuti mukhale ndi poyerekeza.

Mayeso achiwiri ndi a mphamvu. Chekani kathabwa ka masentimita 5 m'lifupi ndi 29 m'litali, kagonekeni pa zitsulo ziwiri zotalikirana masentimita 24, mangani chingwe pakati, kolekani chigubu chopanda kanthu, muzithira madzi pang'onopang'ono. Pa thabwa la mamilimita 12, muyeso wa matabwa a mipando ya m'nyumba umafanana ndi kusenza makilogalamu pafupifupi 22 lisanathyoke, ndiye kuti chigubu cha malita 20 chodzaza ndi njerwa imodzi pamwamba. Likathyoka pa malita 8 kapena 10, musataye mtima, limenelo ndi la siling'i. Yang'ananinso pothyokapo. Tizidutswa tikakhala tothyoka pakati, guluu wagwira. Tikasololoka tathunthu, vuto ndi phula lija kapena kuchepa kwa guluu. Tsiku limene mudzafune kugulitsa ku sukulu kapena ku boma, bungwe loona za miyezo m'dziko muno ndi INNOQ, koma chidebe ndi chigubu zikhale zitavomereza kale.

Pali mdani wina amene fakitale salimbana naye kwambiri koma inu mudzalimbana naye. Sitachi ndi chakudya. Anankafumbwe, mphemvu, chiswe, makoswe ndi nkhungu, onse adzamva kuitana. Apa ndi pamene borax amagwira ntchito yake yachiwiri, chifukwa tizilombo toboola matabwa ndi nkhungu sizimukonda. Pa njira ya asidi, boric acid ndi amene amagwirizana nayo bwino. Onsewa asungidwe kutali ndi ana ndi ufa wa nsima, chifukwa amafanana ndi mchere. Thabwa likatha, lipakeni penti kapena vanishi mbali zonse ziwiri ndi m'mphepete monse. Mukapaka mbali imodzi yokha lidzapindika ngati chikopa cha mbuzi chouma. M'mphepete ndi momwe madzi amalowera, ndiponso sikuluu siigwira bwino m'menemo, ndiye zingani ndi kathabwa kenikeni ndipo misomali ilowe mu felemu.

Nyengo nayonso ili ndi mawu. Ku Tete m'tauni, kumene dzuwa la Okutobala limapitirira madigiri 40, thabwa lotere likhoza kukhala zaka osadandaula. Kwanu kumtunda mvula ndi yambiri ndipo kuyambira Disembala mpaka Malichi ngakhale mchere umanyowa m'botolo. Pangani matabwa kuyambira Juni mpaka Okutobala, pamene zinyalala zili zouma ndipo zilipo, koma musagulitse ambiri chaka choyamba. Khomani angapo m'nyumba mwanu, ena pafupi ndi khitchini, ena pansi pa lata limene mumadziwa kuti limachita thukuta m'mawa, adutse dzinja lonse.

Za ndalama, mitengo mukuidziwa ndinu, ine ndingokupatsani miyeso. Kilogalamu imodzi ya sitachi imatuluka mu makilogalamu 4 kapena 5 a chinangwa chachiwisi. Matabwa ang'onoang'ono olemera mofanana ndi limodzi lija la m'sitolo angadye makilogalamu 5 a sitachi ngati mulibe asidi, ndiye kuti chinangwa choposa makilogalamu 20. Kwanuko chinangwa si chochuluka ngati chimanga ndi mbatata ya kachewere, ndipo kumata matabwa ndi chakudya mu Febuluwale anthu akugona ndi njala si chinthu choti mudzi ungakuyamikireni. Yang'anani zokanidwa: mbatata zing'onozing'ono ndi zotemeka ndi khasu zimene ogula amasiya, makaka ofumbwa, chinangwa chowawa. Zonsezi zili ndi sitachi. Madzi ofinya chinangwa chowawa ali ndi poizoni, atayeni m'dzenje kumene mbuzi ndi nkhuku sizifika. Ufa woyera umamatanso, kuposa mgaiwa, chifukwa gaga ndi mafuta zinachoka pokonola ndi poviika, koma umaitana tizilombo kuposa sitachi wotsukidwa.

Ndiye sabata ino musapite kwa wowotcherera. Bwerekani jeke kwa mnzanu wa lole, pezani zitsulo ziwiri zosalala za masentimita 15 mbali zonse, zimene zikufuna matani osakwana 6, muzitenthetse pa moto wa zitsononkho. Pangani timatabwa khumi tosiyanasiyana, ta fodya, ta mapesi opeta, ta mapesi osapeta, tosakaniza ndi zopalidwa za paini, tina ta asidi, tina ta borax. Tikakhala sabata imodzi, tichekeni, tiponyeni m'chidebe Loweruka madzulo. Mukabwera kutchalitchi Lamulungu mukavundukule, ndipo mundilembere manambala a timene mwatipeza tili tathunthu.